Wa makala timamugwira, wogula ndani amamufunsa?

Dzulo m'mamawa ndinakumana ndi bambo wina akukankha njinga yosenza matumba atatu a makala, thukuta lili kamukamu, patapata atatha chidendene. Anati anyamuka ku Neno dzana, akuyenda usiku kuzemba a zankhalango. Ndinagula thumba limodzi, ndipo ndisaname, ndinanenerera mtengo mpaka anatsitsa. Madzulo ake ndili pa Facebook ndikuwerenga anthu akutukwana ootcha makala kuti ndi amene atha mitengo m'dziko muno. Ndinadzifunsa kuti kodi olembawa nsima yawo yapsa ndi chiyani?

Mitengo yathadi, zimenezo sindikutsutsa. Amene anaona phiri la Ndirande kale ndi lero sangafune umboni wina. Koma munthu sadzuka n'kukonda kugona m'tchire masiku angapo akulondera uvuni, utsi uli m'maso. Chimanga sichinachite bwino, feteleza sakugulika, mwana wabwezedwa kusukulu. Ndipo m'tauni muli msika womudikira, womwe ndi ine ndi inu. Ife timadya nsima yathu mwamtendere, iye ndi amene amalandidwa njinga pa rodibuloko.

Mukumbukire Januwale 2022. Namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Magetsi ankazima tsiku lonse, ndipo ngakhale a m'nyumba za mipanda anatulutsa mbaula. Mitengo ina inagwa chifukwa cha namondweyo miyezi yambiri mphepo italeka.

Kenaka Malichi 2023, Freddy. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje midzi ina inakokoloka. Omwalira ndi osowa anapitirira 1,000. Tisanamalize n'kulira komwe, ena anali atayamba kale zoti "anamangiranji m'phiri?" Funsani kaye mtengo wa puloti ku Namiwawa, mudziwa chimene chimakwezera munthu m'phiri.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zomwe ife a m'tauni timachitira wa makala, ndi zomwenso maiko olemera amatichitira. Utsi wa mafuta, malasha ndi gasi umene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa pa chaka, Mmalawi zingamutengere zaka zoposa 100 kuti aufikire. Africa yonse siyifika ndi 4 peresenti yomwe ya utsi umenewu padziko lapansi. Nyanja zikatentha, anamondwe amabwera ndi mvula yoopsa, ndipo nyumba yoyamba kugwa ndi ya zidina. Iwo anatukuka akuotcha malasha kwa zaka zoposa 200, lero akubwera ndi mawekishopu m'mahotela a ku nyanja kudzatiphunzitsa kukonda chilengedwe.

Ku msonkhano wa zanyengo wa COP27 ku Egypt mu 2022 maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipirira maiko osauka pa zoonongeka ndi kusintha kwa nyengo. Chaka chotsatira ku Dubai analonjeza ndalama pafupifupi madola 700 miliyoni. Zikumveka zambiri, eti? Koma Malawi yekha, pa Freddy yekha, ankafunika madola pafupifupi 680 miliyoni kuti amangenso zoonongeka. Ndiye Mozambique, Pakistan, Bangladesh agawane chiyani? Ndipo ine ndalama zimenezi sindizitcha thandizo. Ng'ombe zako zikadya m'munda mwa mnzako, kwa amfumu umakalipira, supita kukajambulitsa chithunzi ukupereka mphatso.

Kwathu kunonso tisabisale kumbuyo kwa azungu. Malole odzaza makala amadutsa bwanji misewu yomwe wa njinga amagwidwapo? Eni ake si anthu a patapata ayi. Gasi akanakhala wotsika mtengo, magetsi akanafika m'midzi, bwenzi tikukamba zina.

Bambo aja anati abweranso Lachisanu ngati sawagwira m'njira. Ndawauza kuti andisungire thumba limodzi. Ulendo uno sindinenerera.