Timachubu ta kaboni ndi nazale ya tiyi

Abale anga a kuno ku Thyolo, dzulo mu minibasi yochokera ku Limbe bambo wina amati ana athu amene akuphunzira sayansi ku MUST, ku Ndata kuja, akungotaya nthawi ndi zinthu za azungu. Mawuwo anandisowetsa tulo.

Tatengani nkhani ya ma carbon nanotube. Ndi timachubu ta kaboni, kaboni yemweyu wa m'makala, toonda moti tina mutatiika m'mbalimbali tokwana 50,000 ndi pamene tingafanane ndi tsitsi limodzi. Sumio Iijima wa ku Japan analemba za ito mu 1991, ndipo lero amatisakaniza m'mabatire a lithium kuti magetsi aziyenda bwino mkatimo.

Timachubuti amachita kumeretsa. Amalowetsa tinjere ta chitsulo, cobalt kapena nickel m'timabowo ta zeolite kapena alumina (ufa wonga wa miyala wokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso), n'kuika m'ng'anjo yotentha madigiri 600 mpaka 1,000, kenako n'kudutsitsamo mpweya wa methane kapena acetylene. Mpweyawo ukagunda kanjere umasweka, kaboni n'kuyamba kutuluka ngati mphukira. Nzeru yonse yagona pa timabowoto. Tikapanda kukhalapo, tinjere timaundana ndi moto n'kusanduka zibuma, ndiye mumakolola timachubu tonenepa mosiyanasiyana, mwinanso mwaye wokhawokha. Koma kanjere kakakhala m'bowo mwakemwake sikakula, ndipo msinkhu wake ndi umene umalamula kunenepa kwa kachubu.

Ine ndinakulira pa nazale ya tiyi. Mayi anga ankadzaza dothi m'machubu a pulasitiki kuyambira mamawa, zala zili psuu ndi katondo, mbande iliyonse m'chubu chake kuti mizu isakolane. Nditawerenga za timabowo tija ndinaona manja awo. Ndiye wina andiuze kuti nzeru imeneyi ndi yachilendo kwa ife?

Methane ndi yemweyu wa biogas wa ndowe za ng'ombe, kungoti amafunika kuyeretsedwa kaye. Alumina amachokera ku mwala wa bauxite, umene uli pa Lichenya m'phiri la Mulanje. Sindikuti tikakumbe phirilo, ayi ndithu, madzi a Likhubula akumwedwa mpaka ku Blantyre. Mu labotale ufa wa supuni imodzi umakwana kuyambira ntchito. Zofunika ndi ng'anjo, magetsi osazimazima ndi maikulosikopu ya ma electron yoonera zimene zamera, yomwe ndi yodula zedi. Ndalama za zimenezi ndi zomwe ndikufuna kumva aphungu athu akuzimenyera ku Nyumba ya Malamulo bajeti ikamakambidwa.