Kompyuta yakale yosatsegulidwa imafera m'katoni

Ndili ndi mawu kwa anzanga amene timasonkhanitsa makompyuta akale, makamaka inu amene mukapeza makina mumangowapukuta fumbi, kuwajambula, n'kuwaika pashelefu osawakhudzanso. Chimene chimakukokani ndikuchidziwa chifukwa inenso chimandikoka. Ukaona Commodore 64 kapena ZX Spectrum ya mabatani a labala ija, mtima umabwerera kumasiku odikira kaseti imalize kulira kuti gemu iyambe. Kukumbukira zakale n'kokoma. Koma chikondi chathu chikathera pa kuyang'ana kokha, makina amenewa tikuwapha tokha.

Sindikukokomeza ayi. Tsegulani Amiga 500 Plus kapena kompyuta ya 386 imene yagona m'katoni zaka zambiri, muyang'ane kabatire kooneka ngati kamgolo kamene anakawotcherera pabolodi kuti kazisunga nthawi. Kawirikawiri mupeza zinthu zobiriwira kapena zotuwa zitamera pamiyendo yake. Amenewo ndi mankhwala a m'batire amene achucha, ndipo amafalikira mwakachetechete n'kumadya tinjira ta kopa tolumikiza ziwalo za makinawo. Kunja pulasitiki ikuwala bwinobwino, mkati bolodi yadyeka. Mwini wake amanyadira kuti sanaitsegulepo chiigulire, pamene kusatsegulako ndiko kwaiwononga. Akanangodula kabatireko msanga, bwenzi makinawo ali moyo.

Sindikutinso muthamangire kuyatsa lero lomwe. Mu kompyuta ya BBC Micro muli makapasita (tizipangizo tosunga magetsi kwakanthawi) a mtundu wa RIFA kumbali yolandirira magetsi, amene akakalamba amang'aluka, kenako n'kuphulika ndi utsi wonunkha kwambiri. Chobokosi cha magetsi cha Commodore 64 nacho chikatopa chimatha kutumiza magetsi opitirira mavoliti 5 amene amafunika n'kupsereza memore. Ndiye yambani mwatsegula, chotsani batire, sinthani zokalambazo, yezani magetsi ndi mita, kenako muyatse.

Tsono wina afunsa kuti tikuvutikiranji pamene foni ya m'thumba imachita zambiri kuposa zonsezi. Zoona, chithunzi chimodzi chojambula pafoni nthawi zambiri sichikwana n'komwe padisiki ya 1.44 MB. Koma kwa ine phindu la makina amenewa ndi lakuti munthu mmodzi akhoza kuwamvetsa onse, kuchokera pabatani mpaka pasikirini. Commodore 64 inatuluka mu 1982 ili ndi memore ya 64 KB yokha. Ukaiyatsa, m'kamphindi kochepa sikirini ya buluu imakulembera kuti READY, kachizindikiro n'kumathwanima kudikira iweyo. Siikufunsa dzina, siikufuna intaneti, siikuonetsa malonda. Ukalemba mizere iwiri ya BASIC, chilankhulo cholembera mapulogalamu, 10 PRINT ndi dzina lako, 20 GOTO 10, dzinalo limayamba kutsika pasikirini osalekeza. Musonyezeni mwana zimenezi muone nkhope yake pamene wazindikira kuti makina amumvera iyeyo. Anthu ambiri amene lero amalemba mapulogalamu akuluakulu anayambira pomwepa.

Opanga makina nthawi imeneyo sankabisa zam'kati. Apple II, imene Steve Wozniak anaikonza n'kutuluka mu 1977, inkakhala ndi buku losonyeza mapulani a mawaya ake, ndipo chivindikiro chake chinkangochoka ndi manja kuti uikemo makhadi owonjezera. Zinthu zambiri zimene timagula masiku ano zimabwera zomata ndi guluu, ndipo zikawonongeka amatiuza kuti tigule zina. Ichi chimandipweteka, ndipo n'chifukwa chake ndimaona kuti kukonza kompyuta yakale kumaphunzitsa zinthu zimene munthu sangazipeze pa makina atsopano.

Palinso mbiri imene ambiri saidziwa. Kampani ya Acorn ya ku Cambridge, imene inapanga BBC Micro mu 1981, ndi yomwe inakonza purosesa (ubongo wa kompyuta) yoyamba ya mtundu wa ARM mu 1985. Mafoni pafupifupi onse a masiku ano amayendera zidzukulu za purosesa imeneyo. Choncho amene mukuwerenga izi pafoni, agogo a chimene chili m'manja mwanucho ndi makina omwe ena amawatcha zinyalala.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya BBC Domesday Project. Mu 1986, pokumbukira zaka 900 za kaundula wa Domesday wa mu 1086, wa malo ndi chuma cha ku England, ana a sukulu ndi anthu ena ambirimbiri ku Britain analemba ndi kujambula za madera awo, zonse n'kuikidwa pa madisiki akuluakulu otchedwa LaserDisc. Pasanathe zaka 20, makina owerengera madisikiwo anali atasowa, moti mu 2002 panafunika akatswiri a mayunivesite a Leeds ndi Michigan kuti apange pulogalamu yotsanzira makina akalewo. Kaundula wolembedwa pachikopa uja akuwerengekabe mpaka lero. Disiki popanda makina amoyo oiwerengera ndi chinthu chongonyezimira basi, ndipo ife osonkhanitsa ndife ena mwa anthu ochepa amene tikusungabe makina oterowo.

Ku Bletchley Park ku England, m'nyumba yosungira makompyuta akale ya The National Museum of Computing, muli kompyuta ya Harwell Dekatron ya mu 1951. Anthu odzipereka anaikonza n'kuiyatsanso mu 2012, ndipo alendo amaiona ikugwira ntchito, timagetsi take tikuzungulira powerengera. Ngati iwo akulimba mtima kuyendetsa makina a msinkhu umenewo, ife tikuopanji ndi Spectrum?

Pali mkangano wina pakati pathu umene ndikufuna kuikapo mlomo. Ena amati kulumikiza kachipangizo kowerenga khadi la SD m'malo mwa disiki, monga SD2IEC pa Commodore, kapena kuika Gotek ya USB mu Amiga, ndi kuipitsa makina. Ine sindikugwirizana nawo. Sony inasiya kupanga madisiki a mainchesi 3.5 mu 2011, ndipo amene atsala akufooka chaka ndi chaka. Ena amachita nkhungu, ena maginito ake amazilala. Kaseti nayo imatha kumatirira kapena kuduka. Ngati kachipangizo katsopano kachititsa kuti makina aziyatsidwa sabata iliyonse, kachita ntchito yabwino. Chachikulu musataye chiwalo choyambirira, chisungeni pambali, ndipo musaboole pulasitiki mwachisawawa.

Amene muli ndi mabokosi a madisiki akale, koperani zam'katimo pamene akuwerengekabe. Magemu otchuka anasungidwa kale ndi ena, koma kapulogalamu kamene bambo anu analemba okha, kapena makalata a m'banja, mwina palibenso kwina kumene aliko. Ndipo amene mwaunjika makina ochuluka kuposa amene mungathe kuwasamalira, chonde patsaniko mnzanu amene ali ndi nthawi yowatsegula. Mukatero mumuuze kuti ayambire kuyang'ana batire.