Mwangodutsa msanga pa nkhani ya shuga

Zikomo alembi pofotokoza momveka, m'nkhani yanu ya mowa ndi chiwindi, kuti chiwindi chimayamba chasandutsa mowa kukhala acetaldehyde, yemwe ndi poizoni, kenako n'kumusandutsanso acetate, yemwe si woopsa kwambiri. Koma nkhani ya shuga mwangoikhudza pang'ono, chonsecho ineyo ndi imene imandiopsa kwambiri.

Chiwindi chikatanganidwa ndi kuphwanya mowa, ntchito zina zimaima, ndipo imodzi mwa izo ndi kupanga shuga watsopano wa m'magazi. Munthu akamwa m'mimba muli pululu, shuga wosungidwa m'chiwindi akatha, wa m'magazi amatsika koopsa. Achimwene anga amadwala matenda a shuga ndipo amadzibaya insulin, mankhwala otsitsa shuga m'magazi. Usiku wina anamwa osadya kanthu. M'mawa tinawapeza thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, mawu akungokokeka osamveka. Anzawo ankati asiyeni agone, ndi matsire chabe. Mlamu wanga anakana, anatenga kamakina koyezera shuga kaja n'kuwabaya chala, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Mpaka pano mtima umandigunda ndikaganiza kuti tikanamvera anzawo aja.

Za mafuta mwanena zoona. Amaunjikana m'chiwindi chifukwa chasiya kuwawotcha, ndipo amatha kuchepa munthu akasiya kumwa kwa milungu ingapo. Chikafika pochita zipsera, zomwe madokotala amati cirrhosis, nthawi zambiri sichibwereranso mwakale.

Chonde onjezeraninso kuti khofi kapena kusamba madzi ozizira sikufulumizitsa chiwindi ngakhale pang'ono. Munthu amangotsegula maso, koma mowa udakali m'magazi.