Basi ya mahala kwa okalamba, koma alipire ndani?

Dzulo kunyumba tinatsutsana mpaka nsima inazizira m'mbale. Msuweni wanga amene ndi nesi ku London anatumiza voisi pa gulupu ya banja, akuti kumeneko okalamba ali ndi kadi yotchedwa Freedom Pass, amangoionetsa basi akwera, osatulutsa kalikonse. Atate, amene anaphunzitsa zaka zoposa 30 asanapume, anamenya tebulo nati boma lathu lichite zomwezo kwa iwo a penshoni. Mng'ono wanga ndi kondakitala pa basi ya ku Chawama kuno ku Lusaka, iye anangoika supuni pansi n'kufunsa mwaulemu, "Atate, nanga kashing'i ya abwana ndizikaichotsa kuti?"

Funso limenelo lagona nane usiku wonse, ndiye ndati ndilembe maganizo anga pano.

Ine ndikufuna okalamba aziyenda osavutika, pamenepo ndilibe mkangano ndi munthu. Ndimawaona m'mawa pa Kulima Tower ndi pa City Market, ambuya atamanga ndalama pa nsonga ya chitenje, akumasula pang'onopang'ono, kondakitala akuwakuwiza kuti fulumirani, ndipo mumadziwa mmene misewu yathu ilili, mabasi pafupifupi onse amathera mu tauni, munthu wochoka ku Matero kupita ku chipatala cha UTH akwere ziwiri popita ziwiri pobwera, kanayi kulipira tsiku limodzi chifukwa chongokatenga mankhwala a BP. Ena amangosiya osapita. Azakhali anga analumpha tsiku lawo la ku chipatala kawiri chaka chatha, osati kuiwala ayi, ya basi inalibe ndipo anachita manyazi kutipempha. Zinandiwawa kwambiri nditamva.

Koma tisamangokopera za ku Ulaya osaona mmene zimayendera. Ku England kuyambira 2008 munthu wofika zaka za penshoni amakwera basi ya mahala kulikonse m'dzikomo, masiku a ntchito kuyambira 9:30 m'mawa kuti asalimbane ndi opita ku ntchito. Koma kampani ya basi siluza, khonsolo imaibwezera ndalama ya maulendo amenewo, ndipo ndalamayo imachokera ku misonkho. Ku Ireland anayamba kale mu 1967, nakonso ndi boma limene limalipira. Kumeneko basi ili ndi makina owerenga aliyense wokwera, makampani ndi odziwika, olembetsa, boma likudziwa kuti lilipire ndani komanso zingati.

Manje kuno kwathu? UBZ, kampani ya mabasi ya boma, inafa m'zaka za m'ma 1990, achinyamata ambiri saidziwa n'komwe. Kuyambira pamenepo basi ya mu Lusaka ndi ya munthu payekha, wina ali ndi ka Hiace kamodzi kangongole, wina ma Rosa atatu. Dalaivala amatenga basi m'mamawa akudziwa kuti madzulo apereke kashing'i kwa mwini wake, kaya kunagwa mvula kaya kunali jamu pa Kafue Roundabout tsiku lonse. Pa ndalama yomweyo achotsepo mafuta, achotsepo ya pa siteshoni, ya anyamata oitanira, chotsalacho ndiye agawane ndi kondakitala. Masiku ena mng'ono wanga amabwera ndi ya ndiwo yokha. Ndipo chichotsereni sabuside ya mafuta mu December 2021, mtengo wa pa pampu umasinthasintha, ERB, bungwe loona mitengo ya mafuta, ikalengeza anthu amayamba kudikira kuti RTSA, bungwe la za pamsewu, inena chiyani za mitengo ya basi, pakatipo amene amatukwanidwa ndi okwera ndi kondakitala yemweyo.

Ndiye tayerekezani boma langolengeza pa wailesi kuti kuyambira Lolemba okalamba asamalipire, osaikapo ndalama. M'kabasi ka anthu 16 mwakwera okalamba atatu, ndalama ya mipando itatuyo yatuluka m'thumba la mnyamata wa zaka 24 amene ali ndi mwana wakhanda ku nyumba ya lendi. Wosauka kulipirira wosauka mnzake. Ndipo chimene chingachitike ndikuchidziwa chifukwa anyamatawa ndimacheza nawo, si anthu oipa koma njala ndi njala: akaona imvi pa siteji aziti yadzaza, basi n'kudutsa. Ambuya amene lero amakwera movutikira mawa aziima padzuwa maola awiri, atasanduka katundu amene aliyense akumuthawa. Ine chimenecho ndikuchiopa kuposa mtengo wa basi.

Chachiwiri chimene chinandivuta kuwauza atate pamaso, chifukwa ndi atate anga ndipo anagwiradi ntchito, ndi mawu akuti "a penshoni". Mu Zambia wa penshoni ndani? Ndi uja anali pa peyirolo, amene amadulidwa ku NAPSA, yomwe inalowa m'malo mwa ZNPF mu 2000, kapena wa m'boma wa ku Public Service Pensions Fund, kapena wa khonsolo wa ku LASF. Koma anthu ambiri m'dziko muno sanaonepo peyisilipi moyo wawo wonse. Azakhali aja agulitsa tomato ndi repu pa Soweto kuyambira nthawi ya a Kaunda, analera ana asanu ndi adzukulu atatu amasiye pa tebulo lomwelo, lero ali ndi zaka 69 ndipo amadzukabe 4 koloko kukaoda. Alibe kadi ya penshoni iliyonse. Mukati basi ya mahala ndi ya a penshoni, atate anga amene mwezi ukatha kenakake kamalowa mu akaunti akwere ulere, mlongo wawo amene kulibe chimene chimalowa azilipira. Nanga uja anapuma ali dairekita, ali ndi galimoto ziwiri ku Kabulonga? Iyenso kadi ikumuyenera, azakhali ayi? Chilungamo chake chili pati pamenepo?

Sindikunyoza a penshoni, ndikudziwa kuti ka ndalama kawo kamathera pa thumba la ufa ndi mayuniti a magetsi, atate ndimawaona mmene amawerengera. Ndikungoti chipata chake chisakhale peyisilipi yakale. Ngakhale ku England komweko amayang'ana zaka zobadwa, safunsa kuti unagwira kuti.

Palinso ambuya anga a kumudzi ku Katete, kumene basi siifika n'komwe, ulendo wa ku kiliniki ndi wa njinga kapena ngolo. Iwonso akagula sopo amalipira VAT ya 16 peresenti ngati ife. Tikatenga misonkho ya dziko lonse n'kulipirira mabasi a mu Lusaka ndi ku Copperbelt okha, iwo apindula chiyani? Izi anthu a m'tauni sitimakonda kuziganiza.

Mmene ndikuonera ine, ndalama ipite m'manja mwa wokalamba mwini, osati lamulo lopita pa khosi la kondakitala. Njira ilipo kale. Social Cash Transfer, ndalama imene boma limapatsa mabanja osowa, inayamba ku Kalomo mu 2003, lero yafalikira dziko lonse, okalamba osowa ali m'gulu la olandira, maina alipo, NRC ili ndi tsiku lobadwa, ndipo ambiri ali ndi ka foni ka mabatani kolandirira ndalama. Aonjezerepo ya mayendedwe pamenepo. Ambuya akafika pa siteji ali ndi ndalama yawo m'manja, kondakitala aziwathamangira kuwanyamulira chola monga amachitira ndi kasitomala aliyense, ndipo wa ku Katete alipire wa njinga ndi ndalama yomweyo. Wina pa gulupu ananena kuti aa, ndalamayo azigulira ufa kapena adzukulu aziwalanda. Zoona, zimachitika. Koma ngati ambuya asankha ufa ndiye kuti tsiku limenelo njala inaposa ulendo, iwo ndi akulu, akudziwa chimene chikuwawawa. Ngati mukuopabe, yambani ndi za chipatala zokha, wa zaka 65 kupita m'mwamba amene wapatsidwa tsiku lobweranso alandire ya basi pa foni tsikulo likayandikira. N'zochepa, n'zowerengeka, wakuba angaonekere msanga.

Ndipo musandiuze kuti boma silingathe. Mu January 2022 linachotsa fizi m'masukulu a boma mpaka Grade 12, ndipo silinauze aphunzitsi kuti azigula choko ndi malipiro awo, linatumiza ndalama ku masukulu. Makalasi anadzaza, mavuto alipo, koma mfundo yake inali yoti wolonjeza ndi amene amalipira. Pa basi zikhalenso choncho. Akatiuze poyera mu bajeti kuti ndi zingati, zichokera pati, ife olipira misonkho timve, ine ndingavomere kudulidwa pang'ono pa zimenezo kusiyana ndi zina zimene timalipirira osafunsidwa.

Atate sanagwirizane nane zonse, akuti aphunzitsi anadulidwa misonkho zaka zonsezo ndiye ayenera kuyamba ndi iwo, ndipo ndawamva. Mng'ono wanga anandiuza tikutsuka m'manja kuti pali ambuya ena a ku John Howard amene iye sawalipiritsa akakwera masana basi ikakhala yosadzaza, amangouza dalaivala kuti ndi achibale. Lachinayi azakhali ali ndi tsiku ku chipatala, ya basi zinayi ndawatumizira kale pa foni, ndawauza kuti ulendo uno asalumphe.