Mwana wamanyazi akayamba kukonda, ndodo isakhale yoyamba kulankhula

Mwezi watha achemwali anga anandiimbira foni usiku, mawu akunjenjemera ndi mkwiyo. "Achimwene, bwerani mudzamuone mwana wanuyu. Wayamba zibwenzi." Anali atapeza mauthenga a pa WhatsApp m'foni ya mnyamata wawo wa zaka 17, yemwe ali Fomu 3 pasukulu ina yoyendera kuno ku Lilongwe. Foniyo anali atamulanda kale, ndipo ankafuna kuti ine, monga malume ake, ndikamudzudzule mwamphamvu.

Mnyamata ameneyu ndamuona akukula. Ndi uja amati alendo akafika, amapereka moni nkhope ili pansi, kenako n'kuzembera kuseri kwa nyumba. Kutchalitchi amaimba kwaya, koma nthawi zonse amaima mzere wakumbuyo. Nditawerenga mauthengawo ndinagwidwa chisoni. Munalibe zolaula ngakhale pang'ono. Munali "mwadzuka bwanji", munali "masamu aja mwawamvetsa?", zonse mwaulemu ngati akulembera munthu wamkulu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anakhala materemu awiri athunthu akungomuyang'anira patali mtsikanayo, osalimba mtima n'komupatsa moni komwe.

Sindinamukhazike pampando. Mwana wamanyazi ukamuyang'anitsitsa m'maso n'kumamupanikiza ndi mafunso ngati kupolisi, amatseka pakamwa ndipo palibe chomwe ungamve. M'mawa mwake ndinangomuuza kuti andiperekeze kuchigayo. Thumba la chimanga lili panjinga, iye akukankha, ine ndili pambali, tinkacheza za mpira basi. Tili pamzere, phokoso la chigayo litatiphimba, m'pamene anayamba yekha. "Amalume, ine palibe chomwe ndalakwa. Ndikangomuona mawu amandithawa. Ndimaopa kuti andiseka, komanso ndimaopa amayi."

Mantha awiri pamtima wa mwana mmodzi. Oyambawo ndi achibadwa, tonse tinadutsamo ndipo amatha okha. Achiwiriwo ndife akuluakulu timawadzala, ndipo ndi amene ndikufuna tikambirane lero, makolo anzanga.

Makolo athu ankadziwa bwino kuti pali nkhani zimene mwana sangathe kuuza mayi kapena bambo ake omubereka. N'chifukwa chake kunali kuka, kumene atsikana ankagona pafupi ndi agogo awo, n'kumamasuka nawo usiku moto ukuzilala. Anyamata anali ndi mphala kapena gowelo. Kunali azakhali, kunali anamkungwi, kunali malume amene mnyamata ankamunong'oneza akaona mbeta yomwe yamutenga mtima. Nkhani isanafike kwa ankhoswe inkakhala itadutsa m'makutu a munthu wamkulu amene mwanayo sankachita naye manyazi. Sindikunena kuti zakale zonse zinali zabwino. Miyambo ina inapweteka ana, ndipo atsikana ambiri anakwatiwitsidwa asanakhwime. Inkosi Kachindamoto a ku Dedza anachita kuthetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu woyambira kulowa m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti kholo lisakhalenso ndi mphamvu yovomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Zimenezo ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Koma pokolopa nyumba tinatseka ndi khomo lija lomwe mwana ankalowerapo akafuna kufunsa.

Taganizirani banja lomwe likuchita lendi zipinda ziwiri ku Area 25 kapena ku Ndirande. Agogo ali kumudzi ku Ntcheu, azakhali anapita ku Johannesburg, malume amangoonekera pamaliro ndi paukwati. Mwana watsala ndi foni, bandulo ya intaneti, ndi anzake a msinkhu wake omwe nawonso akungopapasa mumdima. Mwana wolongolola amapezabe pofunsa. Wamanyazi amasunga zonse m'mimba.

Ndikudziwa ena mulemba pansipa kuti ndikulimbikitsa chiwerewere. Ndikukumvani, chifukwa nanenso ndili ndi ana aakazi ndipo ndimagona ndi nkhawa yomweyo. Koma tiyeni tione kumene njira yongoletsa ndi kukwapula yatifikitsa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena ali ndi pathupi. Masukulu atatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, tonse tinaona m'madera mwathu momwe mimba za ana zinachulukira. Kodi ana onsewo makolo awo sankawaletsa? Ankawaletsa ndithu, ena mpaka kuwakwapula. Kuletsa kopanda kucheza sikuthetsa chibwenzi, kumangochisamutsira kuseri kwa chimbudzi cha sukulu, kumunda wa chimanga, kumalo kumene kulibe diso la munthu wamkulu.

Ndipo apa m'pamene mtima wanga umawawa kwambiri ndikaganiza za mtsikana wamanyazi. Timamuyamikira kuti ndi wofatsa, wosayankha akulu, waulemu. Koma mwana amene sanaphunzirepo kunena "ayi" mokweza pakhomo pa makolo ake, adzamukana bwanji chidyamakanda chomwe chikumugulira mayunitsi ndi kumulonjeza foni yatsopano? Anthu oterewa sasankha mwana wamkamwa. Amasankha wachete, podziwa kuti sakanena kunyumba. Safunsa anadya phula, koma ifenso tidzifunse ngati tinamupatsa mwanayo malo oti afunsirepo. Pali nambala yaulere ya 116 yomwe ana angaimbe akakumana ndi nkhanza, ndipo ndi bwino mwana aliyense aidziwe. Komabe zimandimvetsa chisoni kuti mwana azimasukira munthu wosamudziwa pafoni pamene abale ake tili moyo.

Pobwerera kuchigayo, ufa uli panjinga, ndinamuuza mnyamata uja zinthu mosabisa. Ndinati kukonda munthu si tchimo ndipo manyazi si matenda. Ndinati mtsikanayo ndi mwana wa eni ake, ali ndi maloto ake, ndipo akanena kuti sakufuna, mawu amenewo ndi omaliza, osamuvutitsa ndi mauthenga. Ndinamuuza kuti zogonana pamsinkhu wawo ayi, ndipo ndinamufotokozera chifukwa chake mwatchutchutchu: mimba, matenda, ndiponso kuti ngakhale boma linalola kuyambira 1993 kuti mtsikana wobereka azibwerera kusukulu, ambiri sabwerera chifukwa chosowa womulerera mwana komanso kunyozedwa. Ndinamuchenjeza kuti asapemphe kapena kutumiza zithunzi zosayenera, chifukwa chikalowa pa intaneti sichituluka. Ndipo ndinamukumbutsa kuti chaka chamawa ali ndi mayeso a MSCE. Anamvetsera zonse ali chete, kenako anafunsa funso lomwe sindidzaliiwala: "Ndiye ndikafuna kucheza naye, ndizicheza naye kuti?"

Funso limeneli ndinapita nalo kwa achemwali anga. Sizinali zophweka. Analira, ananena kuti amulera okha mwanayu kuchokera pamene bambo ake anamwalira ndipo sakufuna kuti aonongeke. Ndinawamvetsa, mkwiyo wawo wonse unali mantha a mayi. Tinakambirana mpaka usiku, ndipo tinagwirizana kuti foni amubwezere, kuti ngati anawa akufuna kuwerengera limodzi aziwerengera pakhonde masana anthu akuona, ndipo kuti zimenezi sizingachitike makolo a mtsikanayo asakudziwa.

Loweruka likubwerali achemwali anga akupita kukaonana ndi mayi a mtsikana uja. Amapemphera mpingo umodzi, koma sanachezepo nkhani ngati iyi, ndipo mwina akakakana tidzalemekeza mawu awo. Dzulo mnyamatayo ananditumizira uthenga, koyamba m'moyo wake kundilembera yekha popanda kutumidwa. Anangoti, "Amalume, Loweruka mudzakhalepo."