Pasiwedi ili ndi munthu mmodzi, ntchito yaima

Lero zandikwana. Ndafika ku ofesi ku City Centre nditapanikizika mu minibasi kuchokera ku Area 25, kuti nditsegule lipoti la PDF lomwe abwana akulifuna isanakwane 10 koloko. Pulogalamu yotsegulira palibe. Ndati ndiiike ndekha, kompyuta yandifunsa pasiwedi ya admin, woyang'anira makompyuta. Pasiwediyo ali nayo ndi munthu mmodzi yekha, mnyamata wathu wa IT, ndipo iye ali ku Kanengo, foni sakuyankha.

Chondiwawa kwambiri n'choti pulogalamuyi anaiika kale mwezi watha! Koma pamene kompyuta inamufunsa ngati ikhale ya munthu mmodzi kapena ya onse, anasankha ya mmodzi, ali mu akaunti yake. Ndiye enafe tikalowa ndi mayina athu sitiiona. Kodi kusankha kuti ikhale ya onse kukanamutengera maola angati?

Printa nayo ndi chimodzimodzi. Ili pa netiweki, ili pakona apo ndikuiona ndi maso angawa, koma driver yake, pulogalamu yolumikizira printa ndi kompyuta, pa kompyuta yanga palibe. Ndiye ndizinyamula flash kupita kwa amayi a ku accounts, "Pepani mayi, mundisindikizireko," iwo ali mkati mokonza malipiro a anthu. Ma flash omwewa ndi amene akufalitsa mavairasi muno. Layisensi ya Office, pulogalamu yolembera, anagula ya anthu 5, ife tilipo 12. Otsalafe tizilembera pati?

Kodi ndizidzuka mbandakucha, kulipira minibasi, kuti ndidzakhale pampando kudikira pasiwedi? Pano yakwana 11 koloko, magetsi athima, ndipo abwana aimba kachitatu.