Kadzidzi wakulakwirani chiyani?

Dzulo nsima inandikanika chifukwa cha mkwiyo. Ana a sukulu anapeza chisa cha kadzidzi kudenga la tchalitchi chathu kuno ku Mulanje, muli tiana tinayi, tidakali ndi nthenga zoyera zija zonga thonje. Mmalo moti akuluakulu awaletse, mdala wina wa imvi zake ndi amene anathamangira makwerero. Anatigwetsa tonse, kutisinja ndi miyala. Make atabwera chakumadzulo anamulasa ndi legeni, anthu n'kumaombera m'manja ngati apha fisi. Ati ndi mbalame ya afiti. Zoona abale?

Kadzidzi amadya makoswe. Ndanena, amadya makoswe! Ntchito yake ndi yomweyo usiku wonse inu muli mkonono. Pitani pansi pa chisa chija mukaone timibulu timene amalavula, muphwanye kamodzi. Mupezamo ubweya ndi timafupa ta mbewa, chifukwa iye amameza chamtunthu kenako n'kubweza zosagayika. Simupezamo chithumwa. Simupezamo tsitsi la agogo anu.

Ndiye taonani nyengo yake. Chimanga changolowa m'nyumba, nandolo akubwera, khoswe wanenepa, ndipo ino ndi nthawi imene kadzidzi ali ndi ana ofuna kudya usiku uliwonse. Mlonda waulere, wosapempha malipiro, wosagona pa ntchito, inu mwamupha pamodzi ndi banja lake. Fetereza munagula ndi ndalama ya katapila, thumba la chimanga mwalisenza kuchokera kumunda thukuta lili kamukamu, lero mwalipereka kwa khoswe ndi manja awiri. Pofika Disembala mudzayamba kulira kuti matumba aboola. Mudzalirire kutali, kwa ine musabwere.

Ati akalira padenga ndiye kuti kugwa maliro. Kodi m'mudzi muno maliro anayamba ndi kadzidzi? Malungo alipo, ngozi za kabaza zilipo, amene anatengedwa ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 anawalirira kadzidzi uti? Inde, tonse tinakula tikuopsezedwa choncho, ine ndemwe ndinkafunda bulangete kumutu ndikamumva. Koma munthu amakula.

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Kadzidzi nkhope anaipadi, mawu akenso ngosakoma, koma nyimbo yake ndi ya m'nkhokwe mwanu. Nkhwazi tinaiika pa chizindikiro cha boma chifukwa ndi yokongola. Mnzake wogwira ntchito usiku timulipira miyala.

Ku Lilongwe Wildlife Centre anthu amalandira akadzidzi ovulala, kuwapatsa mankhwala, kuwadyetsa mpaka achire, n'kuwaulutsanso kutchire. Anthu ophunzira bwinobwino, kutaya nthawi yawo pa mbalame imene ife tikuisinja kuseri kwa tchalitchi, Baibulo lili m'khwapa.

Ndipo inu ogulitsa mankhwala a makoswe m'timapepala pamsika, opanda dzina, opanda malangizo, nanunso ndili nanu. Khoswe akadya poizoni safera pomwepo, amayenda dzandidzandi pabwalo, kadzidzi n'kumutola, mphaka n'kumutola, onse n'kutsatana. Chaka chatha kwathu kunafa amphaka awiri ndi nkhuku zisanu sabata imodzi. Apo palibe amene anatchula za ufiti.